Ndisiye ntchito ya m'shopu kuti ndiziseketsa anthu? Yankho kwa mnyamata wa ku Chinamwali ndi mayi ake

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa zaka 24 wa ku Chinamwali. Ali ndi dipuloma ya zamalonda, ndipo akugwira ntchito m'shopu ina yogulitsa simenti, malata ndi mapaipi m'tauni mwa Zomba muno. Amalowa 7:30 m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo, Loweruka mpaka masana. Akuti kuyambira kusekondale anzake amamuuza kuti ndi woseketsa, ndipo mwezi watha atayendetsa mwambo wa chinkhoswe cha msuweni wake anthu anaseka mpaka kupukuta misozi. Tsopano mtima uli pa nthabwala za pasiteji, zija munthu amaima yekha ndi maiki. Walemba kuti: "Kodi ndisiye ntchito ndisamukire ku Blantyre? Ndikaweruka ndimakhala nditatheratu, ndipo ku Zomba kuno kulibe kochitira. Mayi anga akuti mapanga awiri avumbwitsa, ndisankhe chimodzi, ndipo chimodzicho chikhale ntchito."

Achimwene, ntchito musasiye. Ndayamba ndi yankho kuti ngati mayi akuwerenga nanu mtima wawo ukhale m'malo. Koma nthabwalazo musazitayenso, chifukwa ndi luso lenileni, ndipo pali anthu m'dziko muno amene alerera nalo ana. Chimene ndikukana ndi kusamuka lero, pamene chinthu chimene mukufuna kukagulitsa ku Blantyre simunachipange n'komwe.

Tiyambire pa chinkhoswe chija. Anthu anabwera atasangalala kale. Amakudziwani inu, amamudziwa mkwati, amadziwa kuti amalume aja sachedwa kupsa mtima, ndiye mutangowatchula pa perekaniperekani bwalo lonse linaphulika. Zili ngati asuweni akamaselewulana. Mawu amene msuweni wanu angakunyozeni nawo inu n'kumaseka, atakuuzani mlendo pa depoti mukhoza kugwirana malaya. Chibale ndicho chimapereka chilolezo. Pasiteji mulibe chibale ndi aliyense. Mukuima pamaso pa anthu amene ena abwera kudzamwa, ena akuyang'ana mpira pa kanema, ena angobisala mvula, ndipo mukuyenera kuwakoka ndi mawu anu okha. Ndi ntchito ina imeneyo, ndipo imaphunziridwa.

Choyamba kukhala nacho ndi mphindi zisanu zanuzanu. Ndikutanthauza nthabwala zimene mwalemba nokha, mwaziloweza, mukhoza kuzinena kwa anthu osakudziwani iwo n'kuseka kangapo pa mphindi iliyonse. Zimamveka zochepa, koma kayeseni kuima pagalasi ndi wotchi, muona kuti nkhani zimene mumaseketsa nazo anzanu pa nkhomaliro zikutha pasanathe mphindi ziwiri, ndipo theka lake ndi mawu oyamba. Mphindi zisanu zolimba zimatenga miyezi.

Zipangizo zake muli nazo kale, m'shopu mukufuna kuthawamo. Mwachitsanzo, kasitomala walowa atanyamula kachingwe komanga mfundo, akuti ndiwo muyeso wa paipi imene akufuna. Mukumufunsa kuti ndi ya mainchesi angati. Iye akuimbira mmisiri, kuika foni pa laudi, mmisiri uja n'kunena kuti, "Ingowauzani kuti yonga ija tinagula chaka chatha." Inu mukufunsa, "Munagula muno?" Kasitomala, mosatekeseka, "Ayi, ku Limbe." Aliyense amene anamangapo kanyumba kapena kutumidwapo ndi mmisiri aseka chifukwa wazizindikira. Tsono onani mmene yamangidwira. Chiyambi chikungouza anthu zofunika kuti amvetse, kachingwe, foni, mmisiri, basi. Simukuwauza kuti linali Lachiwiri kapena kuti kunja kumatentha. Mawu odzidzimutsa ali kumapeto kwenikweni, ndipo mukanena "ku Limbe" mutseke pakamwa. Ambiri oyamba kumene amawonjezera kuti "ndiye ine ndinadabwa kwambiri," n'kupondereza chiseko chimene chimati chiyambe. Anthu akamaseka adikireni. Chiseko chikamatsika m'pamene mumaponyapo kena kakafupi pa nkhani yomweyo, ndipo ngati mmisiri yemweyo mutam'bweretsanso kumapeto kwa mphindi zisanu zija, pa nkhani ina, anthu amaseka kuposa poyamba chifukwa tsopano ndi mnzawo.

Munthu amene wasiya ntchito n'kumakhala m'chipinda cha lendi ku Ndirande kudikira foni, zinthu ngati zimenezi saziona. Posakhalitsa amayamba kutola nthabwala za pa WhatsApp kapena kumasulira za akatswiri a kunja zimene waona pa YouTube. Chonde musayambe n'komwe khalidwe limeneli. Anthu amene akukuonerani ali ndi mafoni omwewo, ndipo wina akangonong'oneza mnzake kuti "iyi ndinaimvapo," ngakhale zanu zenizeni ayamba kuzikayikira. Kutenga nthabwala ya mnzanu wa muno momwemo ndiye kumadula ubale ndi anthu amene akanakuitanani ku zochitika zawo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ntchito za aluso la 2016 komanso bungwe la COSOMA loyang'anira umwini wa ntchitozo, ndipo mukayamba kujambula zanu ndi bwino kukafunsa kumeneko mmene mungazitetezere.

Za kutopa ndakumvani, ndipo sindikuchepetsa. Kunyamula matumba a simenti ndi kuwerengera makasitomala tsiku lonse kumamaliza munthu. N'chifukwa chake ndikuti kulemba musakuike madzulo. Masana khalani ndi kakope m'thumba, mukamva mawu okoma mulembe mzere umodzi wokha. M'mawa mwake, musanasambe, khalani pansi mphindi 20 kapena 30 mutembenuze mzere uja ukhale nthabwala. Poyenda kupita kuntchito muziinena chapansipansi kuti muone ngati ikutuluka bwino m'kamwa, popeza zolembedwa zambiri zimaoneka bwino papepala koma lilime likuzikana. Madzulo awiri pa sabata ndi okwanira kuyeserera kapena kukaima pagulu. Masiku enawo mugone. Wofika kuntchito maso ali psuu, n'kulakwitsa chenji kawiri, bwana samufunsa ngati dzulo anthu anaseka. Ndipo m'shopu mwa eni musamajambuliremo mavidiyo popanda chilolezo, kapena kuyeserera nthabwala pa makasitomala. Abwana anu auzeni nokha zimene mumachita Loweruka madzulo asanazione pa foni ya wina.

Mwati ku Zomba kulibe kochitira. Malo okhazikika oti sabata iliyonse anthu azipita kukamvera nthabwala ndi osowadi, koma anthu ofuna kuseka alipo ambiri. Ku Chirunga kuli Yunivesite ya Malawi, imene ambiri timaitchulabe kuti Chanco, yokhala ndi ophunzira zikwizikwi amene amakonza misangulutso yawo, ndipo mwambo wa zisudzo ndi ndakatulo pamenepo ndi wakalekale. Kuli masekondale amene amachita mavarayati sho, kuli magulu a achinyamata m'matchalitchi, kuli malo achisangalalo kumene oimba amapumira pakati. Okonza zinthu zotere nthawi zambiri amavutika kudzaza mpata pamene oimba akulumikiza zida. Pitani mukapemphe mphindi zisanu zimenezo, ndipo akakupatsani zisanu muthere pa zisanu. Wodya nthawi ya anzake saitanidwanso. Mawailesi a m'dera lino monga Chanco Community Radio ndi YFM amafunanso achinyamata odziwa kuyankhula, ngakhale pa wailesi simumva ngati anthu aseka.

Njira ina, imene ine ndimaikonda kwambiri, ndi kudzipangira nokha bwalo. Pezani anzanu anayi kapena asanu, alakatuli awiri, woimba gitala mmodzi, wanthabwala mnzanu ngati alipo. Kakambiraneni ndi mwini lesitilanti kapena loji kuti akupatseni tsiku limene makasitomala amachepa, Lachitatu kapena Lachinayi, kamodzi pa mwezi. Iye apindula pa zakumwa ndi chipisi, inu mupindula pa siteji. Mipando muiyandikizitse kutsogolo, chifukwa anthu 20 othithikana amaseka kuposa anthu 50 omwazikana m'holo yaikulu. Kanema azimitsidwe, nyali iwale pa inu, ndipo mukhale ndi sipika ya batire poti magetsi akhoza kuzima nthabwala ili pakati. Kalendala ya mzinda uno muidziwe. Zomba ndi tauni ya anthu a malipiro a pamwezi, aphunzitsi, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, anamwino, ogwira ntchito ku MANEB ndi ku ofesi ya kalembera, ndiye ndalama zimaoneka kumapeto kwa mwezi. Ophunzira akatsekera, tauni imazizira. Mukadzafika poti mukulipiritsa pakhomo, dziwani kuti pali lamulo la 1968 loyang'anira zisangalalo za pagulu, limene limafuna kuti mutenge chilolezo ku Censorship Board, bungwe la boma lounika zisangalalozo. Mukafunse msanga, osadikira tsiku lomwelo.

Nthawi iliyonse mukaima pagulu, ikani foni patebulo ijambule mawu. Mawa lake mumvere, ngakhale zikuwawa, cholembera chili m'manja. Pamene anaseka chongani, pamene panali zii zungulizani. Nthabwala ikafa kamodzi musaitaye, mwina munaithamangitsa. Ikafa katatu pa magulu osiyana, isiyeni. Ndinaonapo mnyamata wina pa msangulutso wa pasukulu ina kuno. Nthabwala yake yoyamba itadutsa popanda woseka, anayamba kuyankhula mothamanga, maiki ataikanikiza pamlomo mpaka mawu kumangomveka phokoso, thukuta lili kamukamu, kenako anayamba kunyoza mtsikana wa kutsogolo kuti apulumukirepo. Holo inamuwowoza. Chimene chinamugwetsa ndi mantha a bata lija. Akanangoima, kupuma, n'kupita pa nthabwala yachiwiri mwa liwiro lomwelo, anthu akanam'patsa mpata. Tsiku ngati limenelo lidzakufikani inunso, ndipo n'kwabwino likupezeni muli ndi ntchito yoti mupiteko m'mawa mwake, kusiyana n'kuti likupezeni mukuwerengera ndalama ya usiku umenewo kuti mulipire lendi.

Pali zinthu ziwiri zokhudza kuchepa kwa Zomba zimene muyenera kuziganizira. China n'chakuti nkhope ndi zomwezomwezo. Amene anakumverani mwezi watha ndi amene abwerenso, ndiye muyenera kulemba zatsopano kawirikawiri kuposa mnzanu wa ku Lilongwe. Izi zimatopetsa koma zimakulitsa munthu msanga. Chinacho n'cholemera. Munthu amene mwamuseka Loweruka mukumana naye Lolemba pamzere wa ku banki, kapena alowa m'shopu kudzagula misomali. Musatchule dzina la shopu yanu, la abwana anu kapena la kasitomala, ndipo musinthe zizindikiro zimene zingachititse anthu kuloza munthu. Nthabwala zonyoza mtundu wa anthu, chipembedzo, olumala kapena thupi la amayi zimabweretsa chiseko chachangu, koma mu holo ya ku Zomba mwakhala Myao, Mlomwe, Mmang'anja, Mtumbuka wa ku Chanco, Msilamu ndi Mkhristu pa benchi imodzi. Za abale athu achialubino ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse, musayerekeze. Chigawo chino chaona anthu akuphedwa ndi manda akufukulidwa chifukwa cha zikhulupiriro zimene nthabwala zotero zimadyetsera. Mudziwenso kuti kuyambira 2016 pali lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene anatumiza pa WhatsApp ndi Facebook. Ndale mukhoza kuzikhudza, anthabwala amatero kulikonse, koma sekani zochitika zimene aliyense akuziona, osanamizira munthu mlandu umene mulibe nawo umboni.

Blantyre musaiope ndipo musaithamangire. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 pa msewu wa M3, kudutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi. Mukaweruka Loweruka masana mukhoza kukwera minibasi n'kukafika dzuwa likadalipo. Maulendo oyamba mupite kukaonera chabe, ku malo ngati Jacaranda Cultural Centre kapena kulikonse kumene mwamva kuti kuli zanthabwala, mukadziwane ndi okonza. Chovuta ndi pobwerera, chifukwa zochitika zimatha usiku minibasi zitasiya kuyenda, ndiye konzeranitu kogona kwa mbale, ndipo muwerengere thiransipoti, chakudya ndi kabaza musanavomere kukaima ulere. Kamodzi pa mwezi n'kokwanira chaka choyamba. Kwa atsikana amene akuwerenga ndipo ali ndi maloto omwewa, zonsezi ndi zanunso, koma musapite nokha kwa wokonza zochitika amene akuti mukakambirane usiku kuchipinda kwake, ndipo wina wa kwanu azidziwa kumene muli ndi amene akubweretseni.

Ndalama zoyamba m'luso limeneli sizichokera pa siteji ya nthabwala. Zimachokera pa kuyendetsa miyambo, maukwati, zinkhoswe, mabraido shawa, maphwando a kumapeto kwa chaka a m'maofesi. Poti mwayamba kale, pitirizani, ndipo muzichita mwaulemu, podziwa kuti tsikulo ndi la eni ukwati. Mtengo mugwirizane polemba, ngakhale pa uthenga wa pafoni, theka alipiriretu pa Airtel Money kapena Mpamba, lotsalalo mwambo usanayambe. Pakutha pa ukwati komiti imakhala itabalalika ndipo aliyense amakulozerani kwa mnzake. Ndalama za nthabwala muzisunga padera ndi malipiro a kuntchito, ndipo muzilemba m'kope zolowa ndi zotuluka. Kope limenelo ndilo lidzayankhe funso lanu la kusiya ntchito. Muyeso wanga ndi uwu: ngati kwa chaka chathunthu, kuphatikizapo Januwale ndi Febuluwale pamene maukwati amachepa ndipo anthu ali pa fizi ndi feteleza, zolowa za nthabwala zikufanana ndi malipiro anu, komanso mwasunga ya lendi ndi chakudya ya miyezi isanu ndi umodzi, pamenepo tikhoza kukambirana. Mavidiyo afupiafupi a pa TikTok ndi Facebook amathandiza kuti okonza miyambo akudziweni, koma musaikepo nthabwala zanu zonse, ndipo musawerengere amene akanikiza "like" ngati anthu amene adzagule tikiti.

Onani amene anatsogola. Malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene dziko lonse limawadziwa kuti Izeki ndi Jakobo, anaphikidwa zaka zambiri m'gulu la zisudzo la Kwathu, kuzungulira maholo a m'maboma. A Michael Usi anakhala Manganya pa Tikuferanji kwa zaka zambiri akugwiranso ntchito ku bungwe la ADRA, mpaka kukhala mkulu wake m'dziko muno. Daliso Chaponda anthu ambiri kuno anamudziwa mu 2017 pamene anatenga malo achitatu pa mpikisano wa Britain's Got Talent, koma pofika pamenepo n'kuti atatha zaka zoposa khumi akuima m'timalo ting'onoting'ono ku Canada ndi ku Britain.

Kwa ophunzira a kusekondale amene amandifunsa ngati pali sukulu ya nthabwala: satifiketi yoti ukhale wanthabwala siifunika. Ku Yunivesite ya Malawi kuli maphunziro a zisudzo ndi a zofalitsa nkhani, amene amaphunzitsa kulemba, kugwiritsa ntchito mawu ndi thupi, ndiponso amatsegula makomo a ntchito za pa wailesi, zotsatsa malonda ndi masewero ophunzitsa anthu m'midzi. Polowera pake ndi pomwe paja, makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi. Choncho amene akuti akusiya kuwerenga chifukwa ali ndi luso akudzitsekera yekha khomo.

Tsopano kwa inu mayi. Nkhawa yanu ndi yomveka. Munavutika kulipira dipuloma ija, ndipo ntchito masiku ano sizipezeka wamba. Mwina mukuopanso malo amene zinthuzi zimachitikira, mowa, kubwera usiku, anzake osadziwika, ndi anthu a kutchalitchi kumanena kuti mwana wa uje wasanduka chidole cha m'mabala. Pa ntchito paja ndagwirizana nanu, ndipo mwanayu ndamuuza. Pamene ndikusiyana nanu pang'ono ndi pa mwambi uja. Amene anavumbwa ndi uja ankathamanga uku ndi uku mvula ili mkati osakhazikika pena. Mwana wanu akhale m'phanga la ntchito, linalo azilikonza pang'onopang'ono kunja kukacha. Mukamuletseratu, zimene ndaona kwa ana ambiri n'zakuti amapitabe mobisa, ndipo pamenepo simudziwa kumene ali kapena amene ali naye. Ndi bwino mupangane poyera: kuntchito asajombe, za pakhomo zimene amathandiza zisaime, anene kumene akupita ndi nthawi yobwera, ndipo asamwe asanakwere pasiteji. Lomalizali ndi la phindu kwa iye yemwe, chifukwa nthabwala imadalira kudziwa pamene uyenera kuima ndi pamene uyenera kuponya mawu, ndipo mowa umayamba kuba chimenecho. Tsiku lina akadzakhala ndi zochitika za masana, pitani mukakhale kumbuyo mumuonere. Mukadzamva akusimba za mayi amene amawerenga ndiwo za m'poto asanapite kumsika, musadzakwiye msanga, mudzayambe mwayang'ana amayi anzanu mmene akugwedezera mitu.

Achimwene, ntchito yanu ya miyezi itatu ikubwerayi nayi. Gulani kakope mawa. Lembani mphindi zisanu, theka lake zichokere m'shopu ndi pa msewu wa ku Chinamwali. Mukazinene kakhumi pa magulu khumi osiyana, pasakhale ngakhale limodzi la achibale, ndipo ulendo uliwonse mujambule mawu. Mukakwanitsa kakhumiko mundilemberenso, mundiuze nthabwala zimene zapulumuka, zimene zafa, ndi zimene zalembedwa m'kope la ndalama lija.